Nsambo ya Pamkono

"Dulani nsambozo, bambo a Nasima. Mukudikira kuti agogode?"

"Nsambo sadula ngati anyezi, mayi," anayankha Bambo, mpeni uli m'manja.

Anthu amfuti ofufuza zoimbira, zomwe zinali zitaletsedwa, anali atafika kale kwa a Qudrat ophika buledi, makomo atatu kuchokera pathu. Tinayesa kubisa rubabu ya Bambo, choimbira chawo cha nsambo, pansi pa mabulangete, koma inkakana kukhala chete. Tinsambo take khumi ndi titatu, tija satikhudza n'komwe, timalira tokha pakangomveka phokoso.

"Yatidyetsa zaka makumi atatu," anatero Bambo.

"Lero itidyetsa zikoti."

Kumsewu galimoto inaliza hutala. Rubabu inayankha chapansipansi pamiyendo pa Bambo, ngati munthu wobuula kutulo. Amayi anagwira pakamwa.

Bambo anatsinzina. Nsambo yoyamba inaduka, n'kudzadzipinda pafupi ndi phazi langa.

Ndinaitola. Kuyambira ndili kamwana ndinkasuzumira kuseri kwa katani Bambo akumanga ulusi pamkono wa wophunzira watsopano n'kumudyetsa shuga, kuti akhale wawo mpaka imfa. Onse anali amuna. Onse anawoloka malire. Ine ndinkangobweretsa tiyi, nyimbo zonse ndikuzisunga m'mutu.

Nsapato zinamveka pakhomo loyandikana ndi lathu.

"Ponya pamoto chimenecho, Nasima," ananong'ona Amayi.

Ndinapinda mkono wa malaya, n'kugwada pamaso pa Bambo, nsambo ija ili pachikhatho.

"Ndimangeni," ndinatero. "Dulani zonse ngati mukufuna, koma ine mundiphunzitse."