Tonde wa Chinkhoswe

Chibwerereni lamulo latsopano, palibe amene amazinga chiweto asanachiitane pamaso pa mlangizi. Chikapita chokha kwa mwini wake, mpeni umaloledwa. Chikakana, a bungwe loteteza ziweto amapita nacho.

M'mawa wa chinkhoswe cha mwana wawo, a Chikuse anatulutsa tonde m'khola, asewere awo atakhala kale pansi pa mtengo wa mango. Mlangizi wa bungwelo, mayi Lungu, anamasula chingwe, nagwada n'kusisita mwendo wa tondeyo pamene ubweya unali utathothoka.

"Muitaneni, bambo."

A Chikuse anatambasula dzanja lodzaza madeya. Tonde anangoima, mchira uli pansi, maso ali kuthengo. Asewere anayamba kunong'onezana, ndipo a Chikuse anapsa mtima.

"Iwe, bwera kuno!" anakalipa, akukweza dzanja.

Tonde anagwadira pansi akunjenjemera. Nthawi yomweyo mkazi wawo Nangozo, amene ankadutsa pafupi ndi madzi osamba m'manja alendo, anataya beseni n'kubisa nkhope ndi mkono. Beseni linagubuduzika mpaka pamapazi a asewere.

Mlangizi anayang'ana tonde, kenako anayang'anitsitsa Nangozo.

"Chiweto sichiopa dzanja limene sichinalilawepo," anatero motsitsa mawu. "Uyu ndipita naye. Bungwe lathu limangotenga ziweto zokha, bambo."

Dzanja la a Chikuse linali likadali m'mwamba, madeya akuwayoyokera kumutu, ndipo anasowa kolibisa.