Kavalo wa ku Oyo ndi Kashembe

Padangotero, masiku amene mzinda wa Oyo unkakula, Kavalo ndiye ankanyamula asilikali ake kunkhondo. Midzi ya m'chidikha inkagonja ikangomva mgugu wa ziboda zake, mwakuti iye anayamba kuyenda mothimbwidzika.

Tsiku lina anafika pamene udzu umathera n'kuyamba nkhalango. Patsamba panali Kashembe, kantchentche koluma kaja.

"Bwererani, achimwene," anatero Kashembe mofatsa. "Kuno n'kwathu."

"Ndagwaditsa mafumu ine, lero ndiope iwe?" Kavalo anaseka n'kulowa.

Kashembe anangomuluma kamodzi pakhosi. Patapita masabata atatu, Kavalo anali nthiti zokhazokha, ndipo msilikali wake anabwerera ku Oyo wapansi, atasenza chishalo.

Amene anadula malire a ufumu waukuluwo si mfumu ayi, koma Kashembe.