Kabawi Wosamba M'manja

Chibwerereni lamulo loti banja lililonse ndi kampani, Nangozo sankagulitsa ngakhale dzira popanda bodi kuvomereza. M'bodimo munali iye, amuna ake a Chikaonda, ndi munthu wapadera wosakhala m'bale, monga linkafunira Thumba la Chitukuko lomwe linawabwereka nkhuku zoweta. Popeza m'mudzimo aliyense anali m'bale, anakatenga a Zgambo, mphunzitsi wopuma wakutsidya kwa mtsinje.

Koma munthu wapadera ndi mlendo, ndipo mlendo sapatsidwa nkhwani. Msonkhano uliwonse nkhuku inkalawa mpeni.

Tsiku limenelo nkhani inali imodzi: nkhuku zikutha bwanji? Khola likauma, Thumba lilanda munda.

"Ine ndikukayikira chitopa," anatero a Zgambo akukukuta fupa la ntchafu.

"Kapena kabawi," anathirirapo a Chikaonda.

Nangozo anayang'ana mulu wa mafupa m'mbale. "Bambo, kabawi wake ndi wosamba m'manja."

"Anangozo, pali alendo pano!"

Anavota. Awiri anapambana mmodzi: bodi izikumana sabata iliyonse mpaka chomwe chikutha nkhuku chipezeke.

A Zgambo asanawoloke n'komwe, foni ya a Chikaonda inalira. Thumba linawapatsa nyenyezi zisanu, ati m'dera lonselo palibe kampani yoyendetsedwa bwino chotere. Bambowo anathamanga kukaonetsa anzawo kubawo.

Nangozo anatapa madeya, nakawazira nkhuku yathadzi yomwe inatsala yokha m'khola.

"Idya, mwanawe," anatero. "Lachisanu uli pa ajenda."