Uthenga wa Amayi Wafika

"Taona, wafikanso," anatero amayi, akuonetsa mwana wawo wamwamuna foni. "Lero ndawauza kuti denga likudontha."

Chimwalirireni bambo, amayiwo ankawalemberabe uthenga m'mawa uliwonse.

Mnyamatayo anangogwedeza mutu. Pulogalamu ya pafoni yomwe amayi ankatumizira mauthengawo anaipanga yekha asanasiye koleji. Inkangotumiza osadikira yankho, osafunsanso kuti uthenga ukudutsa njira iti. Nambala ya bambo itatsekedwa, iye anaikamo njira yabodza, yongolemba kuti "wafika" pomwe uthengawo sukupita kulikonse. Tsopano bodzalo linali litamulemera.

"Amayi, pali chinthu choti ndikuuzeni."

"Zoti sakuyankha?" Amayi anapukuta galasi la foni ndi chala, osamuyang'ana. "Iwe, bambo ako ali moyo ankayankha liti? Bola masiku ano foni yawo siikumazima."