Mowa wa Chinkhoswe cha Esau

"Masiku atatu tsopano, koma mowawu sukuwira," anadandaula Edna akusuzumira mumgolo. "Chinkhoswe cha achimwene anga a Esau ndi mkuja!"

"Pepani alamu, n'kuzizira kwa Juniku," anayankha Lena wa nyumba yoyandikana, amene Esauyo anamusiya chaka chatha.

Edna atapita kumpopi, Lena anatenga nsenga zowawasa za mowa wakale n'kukhuthulira mumgolomo. "Akamwe zoola, achite manyazi pamaso pa akuchikazi," anatero chamumtima.

M'mawa mwake thovu linali litasefukira, fungo lokoma lili ponseponse.

Edna anafika ndi chipanda chodzaza, nagwada pakhomo pa Lena.

"Ndinakuonanitu dzulo, alamu. Nzeru yodzutsira mowa ndi nsenga ine ndinalibe. Mulungu akudalitseni. Achimwene akuti mudzakhale mpando wakutsogolo."