Chipewa cha Kochi Brandt

Kunatsala mphindi ziwiri, ndipo Kochi Orville Brandt anali atavula kale chipewa chake kachitatu.

Mu 1927 malamulo a mpira wogwetsana, wothamanga nawo m'manja, wa anyamata ovala zisoti zachikopa, sankalola kochi kuuza osewera chochita masewera ali mkati. Ukangotsegula pakamwa, oyimbira ankalanga timu yonse. Koma Brandt, kochi wa koleji ya Harlow Creek ku Iowa, anali wochenjera. Nyengo isanayambe anapangana ndi kaputeni wake, Lester Dvorak: chipewa chikavulidwa, ponya mpira, chikapendekeka, thamanga nawo, chikafika pabondo, umenye ndi phazi.

Nzeruyo inabala zipatso. Timu yomwe chaka chatha inali chopondera cha aliyense inapambana masewera asanu ndi awiri motsatizana. Nthawi zonse Lester ankayang'ana kubenchi, maso atawatsinzina pang'ono, n'kugwedeza mutu mwaulemu. Zikafika povuta chipewa chinkavina mpaka mwini wake kuiwala zomwe wanena, koma Lester ankamva ndithu. Brandt ankamunyadira mnyamatayo, ngakhale mumtima ankadziwa kuti mutu wa timuyi ndi iyeyo.

Lero anali masewera otsiriza, olimbana ndi adani awo a ku Pennick, ndipo Harlow Creek inkatsalira ndi mapointi anayi. Mkulu wa koleji anali atanena poyera: akawagonjetsa a Pennick, ntchito ya Brandt ipitirira, akalephera, alongedze. Brandt anachita mantha zedi. Anavula chipewa, kuchipendeketsa, kuchivulanso.

Lester anayang'ana, nagwedeza mutu. Ananamizira kuponya, n'kudzipanikiza yekha pakati pa zimphona za Pennick mpaka kukagwera kuseri kwa mzere wogoletsera, n'kupata mapointi asanu ndi imodzi. Harlow Creek inapambana, ndipo bwalo lonse linaphulika.

Mkulu wa koleji anatsika yekha kudzamugwira chanza Brandt. "Zaka zina zitatu, a Brandt! Mutu wanuwu sitingautaye. Chaka chamawa tikufuna zomwezi."

Anthu atachepa, Brandt anapeza Lester atakhala pabenchi, matope thupi lonse. Mnyamatayo anali m'chaka chake chomaliza, ndiye kochi anaganiza zomupatsa mphatso yotsanzikana.

"Tenga chipewachi, mwanawe. Wachimvera bwino nyengo yonseyi."

"Zikomo, bwana." Lester anapisa m'thumba la jekete natulutsa magalasi okhuthala ngati matako a botolo. "Poti zatha, ndiulule. Ndinkawabisa poopa kuti mungandichotse m'timu. Popanda awa, ndikakhala m'bwalo, ngakhale benchiyi sindiyiona."

"Nanga kugwedeza mutu kuja?"

"Ulemu basi, bwana. Mayi anandilera bwino."