Foda ya Ntchito

Veronica analemba pasiwedi ndi dzanja limodzi, chifukwa linalo linali litagwira mwendo wa Tione kuti asalowe m'beseni la zochapa. Mwana wa zaka ziwiri samva zoti amake ali pa ntchito. Winanso, wakhanda, anali kumsana akuyamwa kolala ya bulauzi.

Linali Loweruka, ndipo mwachilendo Veronica sanali m'minibasi. Ntchito yake inali yoyang'anira makompyuta pa holoselo ya Bambo Abasi ku Area 49, ndipo Loweruka lililonse foni inkalira: "Amayi, kompyuta yaikulu ija ikuchedwanso." Kuchoka ku Kawale kuno, minibasi ziwiri, kenako kabaza, kukangodina mabatani pang'ono n'kubwerera, zochapa zili phwii kumudikira.

Ndiye anapeza pulogalamu yolowera m'kompyuta ya kutali uli pakhomo pako. Yopanda zithunzi, yopanda zokongoletsa. Kawindo kakuda basi, iwe kulemba lamulo kuno, kompyuta ya uko n'kumvera. Dzulo lake anaiyeserera polowa m'kompyuta ya kuchipinda m'nyumba momwemo, ndipo zinayenda. Bambo Abasi anavomera monyinyirika.

"Mukaikonza mawa muli kwanu komweko, Loweruka lizikhala lanu. Zikakanika, tizionana ngati kale."

Womugwirira ana panalibe. Amuna ake, a Malizani, anali atadzitsekera kuchipinda monga ankachitira Loweruka lililonse. Akuti anali pa maphunziro a pa intaneti, a zamalonda, ndipo ntchito ya kusukuluko sinkafuna phokoso. Miyezi inali itapita ndithu Veronica akuyenda monyang'ama m'nyumba yakeyake, tiyi kuwaikira pakhomo ngati odwala.

Tione anakoka chingwe cha laputopu. Veronica anamuchotsa ndi chigongono, n'kudina mzere umene unali pamwamba pa mndandanda wa makompyuta oti alowemo. Pasiwedi sankavutika nayo, paliponse ankaika dzina la mwanayo. Kawindo kanaphethira, kenako kanatseguka.

Walowa!

Anayamba n'kufunsa kompyutayo malo otsala. Inali yodzaza mpaka pakhosi. Nanga ikanathamanga bwanji? Anafufuza chimene chinadya malowo, ndipo sanachedwe kuchipeza: foda imodzi yonenepa, dzina lake Ntchito.

Anaitsegula. Anawerenga maina a mafayilo, n'kuwerenganso.

Mpira. Mpira wokhawokha. Wa ku Ulaya, wa konkuno, wa chaka chino, wa zaka zoti osewerawo pano ali ndi zidzukulu. "Zigoli zokoma." "Zigoli zokoma zenizeni." "Lefali wakuba." Ena anali atakopedwa kawirikawiri, ngati kuti ukauonera kachiwiri ogonja aja apambana.

"Zaki," anatero Veronica, mano ali gwa.

Anali ndaninso? Zaki, kalaliki wa pa holoselo, munthu wobwera ku ntchito jezi ili mkati mwa malaya, wokangana ndi makasitomala nkhani ya penate mzere uli mpaka panja. Ndiye kuti minibasi zonse zija, fumbi lonse lija, kabaza uja anamugwetsera m'ngalande nyengo ya mvula, zonsezo zinali chifukwa cha mpira wa Zaki!

Anatenga foni, n'kutsegula gulu la WhatsApp la kuntchito, n'kudina kojambulira mawu.

"Muli bwanji nonse. Ndine Veronica, ndikuyankhula ndili kwathu ku Kawale, koma m'kompyutamo ndalowa. Matenda ake ndawapeza. Pali bambo wina, sinditchula dzina, amene amaonera mpira n'kumautcha ntchito. Munthu wamkulu, ndevu pepeya, ana akuti adadi. Ine ndikumvera chisoni mkazi wake, chifukwa akusunga mwana wowonjezera osadziwa. Mpira wanuwo utsanzikeni."

Sipanatenge nthawi, zithunzi zoseka zinayamba kugwa pagulupo ngati matalala. Zaki analemba: "Aaa, amayi, ine mpira ndimaonera pa shoo ya vidiyo." Veronica anangoti mxii. Wakuba amavomera liti?

Kawindo kakuda kali ndi ubwino umodzi: sikanyengerera. Sikakufunsa ngati waganiza bwino, sikasunga zinyalala kuti mwina mtima ubwerera. Veronica analemba lamulo lofufuta foda yonse, n'kumenya batani ndi chala chonyowa ndi sopo. Anafunsanso malo otsala. Mbee! Kompyuta inapuma ngati munthu wotula thumba la makala.

Anakhala pansi koyamba chidzukireni. Anayamba kuliona Loweruka lake: kuchapa m'mawa, kukaluka tsitsi, mwinanso kugona masana ngati anthu ena. Ngakhale Tione, amene tsopano anali atakhala m'beseni muja ndi nsapato zomwe, sanamukalipire. Anaimbira Bambo Abasi.

"Abwana, yeserani tsopano. Ikuthamanga ngati njinga yotsika mtunda."

Bambo Abasi anayankha modabwa.

"Amayi, ndimati ndikuimbireni. Kuno magetsi anazima m'mawa tisanatsegule. Kompyutayo sitinaiyatse n'komwe, ili pansi pa nsalu yake."

Veronica anayang'ana kawindo kakuda kaja. Chitseko cha kuchipinda chinatseguka, a Malizani n'kusuzumira, mahedifoni ali m'khosi, nkhope ili ngati ya kumaliro.

"Mayi a Tione, mpira wa... ndikuti ntchito ija yangozima yokha. Pa mapenate penipeni."

Veronica anamasula mbereko pang'onopang'ono, n'kuwapatsira khanda, n'kuwalozera beseni.